Mwana Wamkazi Akayamba Kuopa Mbale ya Nsima

Nkhani imene ndifuna kuti tikambirane m'kope lino ndi yovuta kuikhulupirira kwa munthu wa ku Tsangano kapena wa ku Macanga. Ife tikhala m'dziko la chakudya. Mbatata ya kachewere yochokera m'mapiri a Tsangano imadzaza malole opita ku Tete, ina nioloka malire kukagulitsidwa m'misika ya ku Ntcheu. Tirigu amamera kwathu kuno pamene m'maboma ambiri a Mozambique sangathe kumera. Ku Furancungo ndi ku Chidzolomondo chimanga, nyemba ndi fodya ndizo zimalipirira ana sukulu. Tsono mukamuuza mlimi wotere kuti kuli matenda amene amachititsa mwana kuopa chakudya nkhokwe ili yodzaza, ayamba waseka, kenaka anena kuti zimenezo n'za anthu okhuta a kutsidya kwa nyanja.

Kuseka kwakeko kuli ndi chifukwa. Ife a zaka makumi anayi ndi mphambu tinakula m'masiku a nkhondo. Ambiri tinathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza, kumene tinkaima pamzere kulandira ufa ndi nyemba. Chilala cha 1992 chinatipeza tili komweko, ndipo mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala chaka chomwecho tinabwerera kudzapeza minda itasanduka tchire. Tisanapume n'komwe, anatigwera matenda aja tinawatcha kaliwondewonde, ndipo munthu akangoonda anthu ankayamba kunong'onezana. Maso athu anaphunzira m'sukulu ziwiri zimenezi, ya njala ndi ya Edzi. N'chifukwa chake kwathu kuno mawu akuti "mwanenepa" ndi chiyamikiro, ndipo mayi akaona mwana wake atadzaza masaya mtima wake umakhala pansi.

Magalasi awiri

Koma ana athu aakazi tsopano akupita kumene amayi awo sanapondeko. Universidade Zambeze, imene inayamba kuphunzitsa mu 2009, ili ndi nthambi ya zaulimi ku Ulónguè ndi ya zaumoyo mumzinda wa Tete. Mumzinda womwewo muli Instituto Superior Politécnico de Tete ndi Universidade Púnguè imene inakhazikitsidwa mu 2019, ndipo ena amafika mpaka ku Beira ndi ku Maputo. Ichi n'chinthu chokondweretsa, ndipo kholo limene lagulitsa ng'ombe kuti mwana wamkazi aphunzire lachita bwino. Chimene sitinachiganizire n'chakuti mwanayo akatsika chapa m'tauni amakapeza galasi lina, losiyana ndi la kumudzi. Thupi lija azakhali ankaliyamikira pa chinkhoswe, anzake a m'chipinda chogona amaliseka. Zovala zimene zili m'fashoni sizimulowa. Akabwera ku tchuthi atachepako thupi, kumudzi amufunsa ngati akudwala. Akabwerera kusukulu atadya bwino mwezi wathunthu, anzake amufunsa ngati ali ndi pakati. Mwana wa zaka 19, ali kutali ndi kwawo, akulimbana ndi Chipwitikizi cha m'mabuku akuluakulu ndi mantha a kulephera mayeso amene mudzi wonse ukudikira zotsatira zake, amaima pakati pa magalasi awiriwa, ndipo palibe limene limamuuza kuti ali bwino.

Galasi lachitatu lili m'thumba mwake. Pa foni ya m'manja amaona zithunzi za akazi mazanamazana tsiku lililonse, zambiri mwa izo zitakonzedwa ndi makina kuti chiuno chichepe, mimba iphwe, khungu lisalale. Mu 2021 mayi wina amene ankagwira ntchito ku kampani ya Facebook, Frances Haugen, anaulula zikalata za m'kati mwa kampaniyo. M'zikalatamo munali kafukufuku wa eni ake wosonyeza kuti atsikana 32 mwa 100 aliwonse amene anafunsidwa anati pamene akudandaula kale ndi maonekedwe a thupi lawo, Instagram imawonjezera kudandaulako. Makolo athu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma mwana amene akuyang'ana chithunzi usiku ali yekha sangathe kung'amba mkuyuwo kuti aone za m'kati.

Tizindikirenso kuti thupi limene likutamandidwa m'matauni athu si loonda chabe ayi. Likufunika mimba yakuphwa ndi chiuno chaching'ono, koma m'munsimu mukhale modzaza. Mulungu sanaumbe anthu ambiri chotero, choncho mtsikana mmodzi yemweyo angathe kumadzimana nsima kuti mimba ichepe, kwinaku akumwa mankhwala onenepetsa. Pali mankhwala amadzi otchedwa Apetamin, opangidwa ku India, amene muli cyproheptadine, mankhwala a ziwengo amene amautsanso njala. Mu 2023 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza anthu kuti Apetamin amagonetsa tulo, amachititsa chizungulire, ndipo angathe kuononga chiwindi. Ena amamwa mapiritsi a dexamethasone popanda dokotala, nkhope n'kutupa iwo n'kumati anenepa, osadziwa kuti akuitana matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Woopa kunenepa ndi woopa kuonda muzu wawo ndi umodzi: onse aleka kukhala mwamtendere ndi thupi lawo.

Matendawa ndi otani?

Si aliyense amene sakondwa ndi maonekedwe ake amene akudwala. Koma mwa ena kudandaulako kumakula kufikira kulanda ulamuliro wa maganizo onse, ndipo apo ndi pamene madokotala amati munthu ali ndi matenda a kadyedwe. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 14 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo pafupifupi 3 miliyoni mwa iwo anali ana ndi achinyamata.

Mtundu woyamba ndi anorexia nervosa, dzina limene dokotala wa ku London, William Gull, anapereka mu 1873. Wodwalayo amachepetsa chakudya pang'onopang'ono mpaka thupi kutsala mafupa, koma akadziyang'ana amaonabe kuti ndi wonenepa, kapena amaopa kwambiri kuti anenepa. Thupi likasowa chakudya limayamba kusunga mphamvu potseka ntchito zina. Mtima umagunda mochedwa. Mtsikana amaleka kupita kumwezi, ndipo mafupa, amene pa msinkhu umenewu anayenera kukhala akulimba, amayamba kufooka. Tsitsi limathothoka. Amamva kuzizira nthawi zonse, kotero kuti mukaona mwana atavala juzi mumzinda wa Tete m'mwezi wa Okutobala, pamene ena onse akufunafuna mthunzi, musangoti wazolowera zovala za ku Tsangano. Mwa matenda onse a maganizo, anorexia ali m'gulu la amene amapha kwambiri, ena chifukwa mtima waima, ena chifukwa chodzipha.

Mtundu wachiwiri ndi bulimia nervosa, umene Gerald Russell anaufotokoza mu 1979. Umenewu ndi wovuta kuuona, pakuti wodwalayo kawirikawiri saonda. Amadzimana tsiku lonse, njala ikamugonjetsa amadya chakudya chochuluka mofulumira ali yekha, kenaka manyazi n'kumugwira, napita kukadzisanzitsa kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba. Kusanza kobwerezabwereza kumadya mano ndi kutupitsa m'munsi mwa masaya, koma choopsa kwambiri n'chakuti kumachotsa m'magazi mchere wina wotchedwa potaziyamu, umene umathandiza mtima kugunda mwa dongosolo. Mwana wooneka wathanzi angathe kugwa mwadzidzidzi. Palinso ena amene amadya mosatha kudziletsa koma osasanza, ndipo amakhala ndi chisoni ndi manyazi omwewo.

Tisaganize kuti ndi za atsikana okha, kapena za nyumba zosapemphera. Mwa odwala awiri amene dokotala wa ku England, Richard Morton, anawalemba mu 1689, mmodzi anali mnyamata, ndipo anali mwana wa m'busa.

Kodi si matenda a azungu?

Kwa zaka zambiri ngakhale madokotala ankaganiza chomwecho. Koma mu 1984 madokotala awiri, Buchan ndi Gregory, analemba za mtsikana wachikuda wa ku Zimbabwe amene anali ndi anorexia. Mu 1998 Daniel le Grange ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atafunsa ophunzira 1,435 a m'makoleji a ku South Africa, ndipo ophunzira achikuda anaonetsa zizindikiro za vutoli mosachepera anzawo achizungu. Chitsanzo chimene chimafanana kwambiri ndi kwathu n'cha ku zilumba za Fiji, kumene anthu ankayamikira thupi lodzaza monga timachitira ife, ndipo mlendo ankakakamizidwa kudya mpaka kukhuta. Wailesi ya kanema inafika m'chigawo cha Nadroga mu 1995. M'chaka chimenecho Anne Becker sanapeze mtsikana wa pasukulu ngakhale mmodzi, mwa amene anawafunsa, wodzisanzitsa kuti achepetse thupi. Pofika mu 1998 anali 11 mwa 100 aliwonse. Zaka zitatu zokha! Ngati kanema wa m'nyumba anachita zimenezo, nanga foni imene mwana amagona nayo pamphasa?

Pano ndiyenera kuchenjeza, kuti tisathamangire kutchula matenda pamene pali umphawi. Le Grange yemweyo ndi anzake analembanso mu 2004 kuti atakacheza maso ndi maso ndi achinyamata osauka amene mayankho awo a papepala ankaoneka ngati a odwala, anapeza kuti ambiri ankaganizira chakudya tsiku lonse chifukwa cha njala yeniyeni. Wophunzira wathu angathe kuonda chifukwa ndalama za fodya zinatha mu Ogasiti, lendi yadya zotsala, ndipo wakhala miyezi itatu akugonera tiyi ndi buledi, osafuna kuvutitsa makolo. Malungo, chifuwa chachikulu, njoka za m'mimba ndi HIV nazonso zimaondetsa, ndipo ziyenera kuyezedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti wanjala mukamuikira mbale amadya nathokoza, pamene wodwala matendawa mbale yomweyo imamuchititsa mantha.

Pamene kusala kudya kwasanduka chobisalira

Tsopano ndifike pa chimene chikukhudza mpingo. Mu 2004 Dinah Bennett ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pakati pa atsikana 668 a m'sukulu za sekondale ku Ghana. Anapeza khumi amene anali oonda koopsa popanda matenda ena aliwonse, koma chifukwa chodzimana chakudya basi. Atsikana khumi onsewa sankanena za kuopa kunenepa. Ankanena za Mulungu. Ankaona kudzimana kwawo ngati chinthu chabwino, chizindikiro cha kudziletsa ndi cha uzimu.

Nkhani imeneyi iyenera kuimitsa m'busa aliyense, mkulu wa mpingo aliyense ndi mtsogoleri aliyense wa achinyamata. Kusala kudya ndi mwambo wabwino wa Chikhristu, ndipo sindikulemba kuti tiuleke. Koma taganizani mmene matendawa amapezera malo pakati pathu. Mtsikana akauza amayi ake kuti sadya chifukwa akufuna kuchepetsa mimba, amukalipira. Akanena kuti akusala kudya popempherera mayeso, amayi omwewo amulemekeza, nakasimba ku Chigwirizano kuti mwana wawo wakula mu uzimu. Ndani angatsutse mwana wopemphera? Ambuye anatiphunzitsa kuti wosala kudya asadzionetsere kwa anthu, ndipo matendawa, amene nawonso amakonda chinsinsi, amabisala bwino pansi pa chiphunzitso chimenechi. Nthawi zina mwanayo sanama n'komwe. Iye mwini sadziwa pamene pemphero linathera ndi pamene matenda anayambira.

Pali njira yosiyanitsira. Kusala kwa chikhulupiriro kuli ndi chiyambi, cholinga ndi mathero, ndipo kukatha munthu amadya mokondwa pamodzi ndi anzake. Kusala kwa matenda sikutha: masiku atatu asanduka asanu ndi awiri, akatha amenewo papezeka chifukwa china, ndipo tsiku lomasula likafika mwanayo amangotsina nsima ndi nkhope yachisoni ngati wachimwa. Kusala koona kumatembenuzira mtima kwa Mulungu ndi kwa anansi. Kwa matenda kumatembenuzira maganizo onse pa mbale, pa sikelo ndi pa lamba wa m'chiuno. Ndipo ndinene mosabisa kuti sindikondwa ndi chizolowezi chimene chikukula m'magulu ena a mapemphero a ophunzira, chopikisana kuti ndani wasala masiku ochuluka, ngati kuti Mulungu amawerenga masiku monga kalaliki wa pa msika wa fodya awerengera mabelo. Mtsogoleri amene amalengeza kusala kwa masiku 21 kwa gulu la ana a zaka 18 ndi 20, osafunsa ngati pali wodwala, woyembekezera kapena woonda kale, akusewera ndi moyo wa ana a eni. Tikumbuke kuti mneneri Eliya atatopa mpaka kupempha imfa m'chipululu, mngelo anayamba wamudyetsa kawiri konse, ndipo ulendo wa ku phiri unabwera pambuyo pake. Mwana wamkazi wa Yairo ataukitsidwa, Ambuye analamula a m'nyumbamo kuti amupatse chakudya.

Lilime la kunyumba

M'mpingo wina umene ndinatumikirako, mayi anabwera ndi mwana wake wa chaka chachiwiri ku yunivesite, akukhulupirira kuti achibale ansanje amulodza. Anali atamuyezetsa magazi katatu, osapezeka ndi kanthu. Patapita masabata, mwanayo anaululira mayi busa kuti zonse zinayamba ndi dzina limene anzake anamupatsa atangofika kusukulu: ankamutcha thumba la mbatata. Amene anayambitsa dzinalo mwina anaiwala tsiku lomwelo. Iye analisenza zaka ziwiri.

Mawu otere sali kusukulu kokha. Ali pakhomo pathu, m'malonje athu. Mwana asanatule n'chikwama chomwe, azakhali ayamba kale kuyeza thupi lake ndi maso: wanenepa, waonda, wada, wayera. Alangizi ena pophunzitsa atsikana amawauza kuti asunge thupi kuti mwamuna asadzawathawe, ngati kuti thupi la mwana wamkazi ndi katundu wodikira wogula. Anyamata a m'kwaya nawo ali ndi nthabwala zawo. Sindikunena kuti mawu amodzi amadwalitsa munthu. Matendawa ali ndi mizu yambiri, ina ya m'magazi a banja, ina ya nkhawa, ina ya zoopsa zimene mwana anakumana nazo monga kugwiriridwa, ndipo kholo lisadziimbe mlandu wa zonse. Koma lilime ndilo gawo limene lili m'manja mwathu. Mtundu umene unati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo unkadziwa kuti ulemu wa munthu suyezedwa ndi thupi. Mwana akafika, mufunseni za ulendo, za maphunziro, za anzake, za kumene amapemphera. Za masaya ake zisiyeni.

Mukaona zizindikiro

Timati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma wodwala matendawa satsekula. Amakana, amabisa, ndipo pena amakwiya ndi amene akufuna kumuthandiza, chifukwa kwa iye kudzimanako ndi chinthu chokhacho chimene akuona kuti akuchilamulira. Tsono ena ayenera kukhala maso m'malo mwake. Mwana amene nthawi iliyonse ya chakudya amati "Amayi, ndadya kale"; amene amaphikira ena mokondwa iye osalawa; amene amanyamuka kupita kuchimbudzi akangotsuka m'manja; amene wasiya kudyera pamodzi ndi abale ake; amene amachita chizungulire akaimirira, kapena wakhala miyezi itatu osapita kumwezi pamene alibe pakati, ameneyo afunika kumukhazika pansi.

Osati pagulu, ndiponso osati pa nthawi ya chakudya. Mayi, kapena mlangizi amene mwanayo amamukhulupirira, apite naye padera ndi kunena zimene waona popanda kuweruza: "Mwanangu, ndaona kuti nsima ikukuvuta masiku ano, ndipo ndili ndi nkhawa. Tandiuza, mumtima mwako muli chiyani?" Akakana tsiku loyamba musakhumudwe, mudzafunsenso. Kumukalipira kuti akunyoza chakudya chimene ena akuchisowa sikuthandiza, pakuti manyazi ali nawo kale okwanira. Kumutengera ku mapemphero a usiku wonse otulutsa ziwanda, kumene adzauzidwanso kuti asale kudya, n'kuthira mafuta pamoto. Mupempherereni ndithu, ndipo m'mawa mwake mupite naye kuchipatala.

Chiyambire 1996 boma la Mozambique lakhala likuphunzitsa anthu a ntchito za matenda a maganizo, amene pa Chipwitikizi amatchedwa técnicos de psiquiatria, ndi kuwatumiza m'zipatala za m'maboma. Mukafika ku chipatala cha ku Tsangano kapena cha ku Furancungo funsani za iwo, ndipo kukafunika adzakutumizani ku Ulónguè kapena ku chipatala chachikulu cha ku Tete. Pofotokoza musangoti mwana waonda, pakuti adzangomuyeza malungo ndi HIV n'kukubwezani. Nenani zonse: kuti amakana chakudya chilipo, kuti amadzisanzitsa, kuti wasiya kupita kumwezi, ndi mankhwala aliwonse amene wakhala akumwa. Ngati wakomoka, mtima ukugunda modumphadumpha, kapena wanena za kufuna kufa, musadikire kuti kuche.

Chenjezo lina limene ambiri salidziwa ndi ili. Munthu amene wakhala nthawi yaitali osadya mokwanira sayenera kudyetsedwa chakudya chochuluka mwadzidzidzi. Chakudya chikalowa chambiri m'thupi lozolowera njala, michere ya m'magazi imatsika msangamsanga, ndipo mtima ungathe kulephera. Chikondi cha mayi chofuna kupha nkhuku ndi kudzaza mbale chiyambe chadikira malangizo a chipatala. Kuchira kulipo, makamaka matenda akadziwika msanga ndipo banja likugwirapo, koma kumatenga miyezi, pena zaka, ndipo mwanayo angathe kubwerera m'mbuyo kangapo. Ngati dokotala wati apume chaka chimodzi kusukulu, mulole. Malo a ku yunivesite angathe kupemphedwanso.

Tchuthi chikatha ndipo mwana akubwerera m'tauni, akulu a mpingo asangomupempherera pa chipata n'kumuiwala. Alembe kalata kwa abusa a mpingo wa kumene akupita, ndipo papezeke mayi mmodzi wa Chigwirizano kumeneko amene adzamuitane kudzadya kunyumba kwake Lamulungu lililonse, pa mphasa imodzi ndi ana ake. Makolo atenge nambala ya foni ya mnzake wogona naye chipinda chimodzi, mwanayo akudziwa. Ndipo mukatumiza thumba la ufa ndi nyemba pa chapa, pakatha mwezi mumufunse mnzakeyo ngati thumbalo likutsika.